Anandiwonjezera masabata 6

Imelo inafika Lachinayi cha m'ma 4 koloko madzulo, nthawi imene anthu a m'maofesi a ku City Centre amakhala atayamba kale kulongedza zikwama kuti athawe mdipiti wa magalimoto opita ku Area 25. Inali yaifupi. Ankandithokoza chifukwa cha ntchito yabwino, n'kunena kuti bungwe ndi lokondwa kundiwonjezera masabata 6 kuyambira pa 1 Epulo, malipiro ndi mfundo zonse zikhala zomwe zija. Kumapeto anapempha kuti ndisayine n'kubweza pofika mawa lake masana.

Kontrakiti yanga inkatha pa 31 Malichi 2025, ndiye kuti kunali kutatsala masiku anayi. Chiyambire Januwale ndinali ndikufunsa kuti ine ndili pati, ndipo yankho linali limodzimodzi: "Tikudikira akuluakulu, mungopirira pang'ono."

Ndisaname. Chimene chinayamba kubwera mumtima mwanga si mkwiyo ayi, mtima unangoti myaa. Ndinaona lendi ya Epulo italipidwa, fizi ya mwana ya teremu yachitatu itapezeka, mpaka ndinatsegula fayilo ija kuti ndiikepo siginecha pompo. Chinandiletsa ndi chinthu chachabechabe: batire la laputopu linali litatsala pang'ono kutha, chaja nditaiwala kunyumba. Ndinati basi ndikasayinira komweko. Kufika kunyumba, magetsi kulibe. Mdima umenewo ndi umene unandipatsa usiku wathunthu woti ndiganize.

Ntchito yanga ndi ya deta. Bungwe likafuna kudziwa ngati pulojekiti yake ikuphula kanthu, ine ndimakonza mafunso, n'kuwaika m'matabuleti kudzera pa pulogalamu ya kafukufuku yotchedwa KoboToolbox, n'kuphunzitsa achinyamata okazungulira nawo m'midzi. Zimene abweretsa ndimazipeta ngati mpunga mpaka zisanduke lipoti loti opereka ndalama awerenge. Pa pepala ndine konsatanti. Dzinali limamveka ngati la munthu wa suti ndi galimoto yakeyake. Koma kwathu ku Mitundu, munthu wogwira ntchito ya mwini, wolipidwa akamaliza, wopanda tchuthi, wopanda penshoni, ali ndi dzina lake lakalekale. Ndi waganyu. Kusiyana kwake n'kwakuti khasu langa limadya bandulo.

Mtengo wanga wa pa tsiku tinagwirizana mu Okutobala 2023, m'makwacha. Mwezi wotsatira Reserve Bank of Malawi inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, dola imene inali cha pa K1,180 n'kufika pa K1,700. Sindinganene kuti zinandidzidzimutsa ngati chinthu chachilendo, pakuti mu Meyi 2022 kwacha inali itagwa kale ndi 25 peresenti. Ndinangopusa ndekha, sindinaikemo mawu oti ndalama ikagwa tikambiranenso. Olembedwa ntchito mokhazikika anawakwezera pang'ono, ife a makontrakiti anatiuza kuti bajeti inatsekedwa kale. Chaka chitatha, mu Seputembala 2024, anandiwonjezera miyezi 6 pa mtengo womwewo, ndipo ndinathokoza mogwada. Tsopano taonani kayendedwe kake: chaka, kenako miyezi 6, lero masabata 6. Ndikanapitiriza kungogwedeza mutu, chotsatira chikanakhala masiku 6.

Sindikuti anthu a bungwelo ndi ankhanza. Kumapeto kwa Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake la kumayiko akunja, ndipo muno mu Lilongwe mapulojekiti ambiri anaima ngati wadula waya. Magalimoto oyera aja anangoti ndii m'mipanda, madalaivala akusewera bawo. Bungwe limene ndinkagwirako silinkadalira ndalama za ku America zokha, komabe mantha anagwira aliyense, moti panalibe bwana wofuna kusayina chinthu chopitirira miyezi iwiri. Masabata 6 aja inali njira yawo yogulira nthawi uku akudikira kuti kunja kucha bwanji. Zimenezo ndinazimvetsa. Chimene chinandikhala pakhosi n'chakuti nthawi imene ankagulayo inali yanga, ndipo ankafuna kuigula pa mtengo wa 2023, pamene shuga, mafuta ophikira ndi minibasi zinali zitauiwala kalekale mtengo wa chaka chimenecho.

Panalinso china. Sabata yomweyo kakampani kena kochita kafukufuku kanali katandiimbira. Anali ndi ntchito ya miyezi inayi ku Salima ndi ku Dedza, yoyamba pakati pa Epulo, ndipo ankafuna yankho pofika Lachitatu. Si anthu olemera, ndipo mbiri yawo ndi yoti amalipira mochedwa, koma amalipira. Tsono m'kontrakiti yanga yakale munali ndime imene ndinali ndisanaiwerengepo mofatsa mpaka usiku umenewo, ndi tochi ya foni: ndiyenera kupezeka masiku onse ogwira ntchito, ndipo sindingatenge ntchito ina popanda chilolezo cholembedwa. "Mfundo zonse zikhala zomwe zija" zinkatanthauza kuti ndimeyo ikubweranso. Kusayina kunali kutaya miyezi inayi pofuna kutola masabata 6.

Ndinaimbira achimwene anga. Iwo agwira ntchito pa kampani imodzi ku Kanengo kwa zaka zambiri, malipiro awo amalowa tsiku lake, ndipo moyo wanga wa makontrakitiwu amauona ngati matenda amene ndidzachira tsiku lina.

"Achemwali, musachite matama," anatero. "Anthu akulira ntchito kunjaku, ena achotsedwa ndi mameseji a pa foni. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Sayinani, zinazo muziona muli mkati."

Mawu akuti "muli mkati" ndi amene amatigwira ambirife. Kuwonjezera kwakufupi sikubwera kokha, kumabwera ndi kafungo ka lonjezo. Palibe amene amalemba, koma m'khonde la ofesi wina amakunong'oneza kuti ndalama zatsopano zikabwera mu Juni iwe udzakhala woyamba kukumbukiridwa. Ndiye umadzipeza ukulandira masabata 6 ngati chikole cha zaka zitatu zimene palibe wakulonjeza. Ndinawerenganso imelo ija katatu kufunafuna Juni. Munalibe. Munali 1 Epulo, munali pakati pa Meyi, basi. Ndipo mwambi wa achimwenewo ndinaufunsa funso: pa mafodya awiriwa, wapamphuno ndi uti? Wa masabata 6 amene akutha ndisanalipire n'komwe lendi ya Juni?

Kutacha ndinaimbira amayi kumudzi. Sindinkafuna malangizo, ndinkangofuna kumva mawu awo. Amayi sadziwa KoboToolbox, sadziwa kuti konsatanti n'chiyani, amangouza anzawo kutchalitchi kuti mwana wawo amagwira za makompyuta ku mabungwe. Ndinawafotokozera mwachidule kuti abwana akufuna ndipitirize kwa mwezi ndi theka.

"Mizere yake ndi ingati?" anafunsa.

Ndinaseka. Ndinati kuno sitiwerenga mizere, amayi, timawerenga masiku.

"Ndiye akubera, mwanawe. Ganyu wa masiku sutha. Ukamaliza apa akuloza apo."

Amayi akamanena za ganyu sanena zongomva. Njala ya 2002 ndikuikumbuka bwino, ndinali ku pulayimale. Januwale ndi Febuluwale yense iwo ndi malemu bambo ankadzuka kusanache kukapalira ndi kukabandira m'minda ya eni, kubwerako ndi kambale ka chimanga, tsiku lina madeya. Tinapulumuka nazo, sindingazinyoze. Koma munda wathu unali kudyedwa ndi udzu, chifukwa nthawi yopalira ya mwini ndi yomweyonso yako, mvula siidikira kuti umalize kwa eni. Pokolola tinapeza zochepa, ndipo chaka chotsatira tinabwereranso ku ganyu komweko. Kuchokera pamenepo amayi anaika lamulo lawo: m'mawa kumunda kwako, ganyu masana, ndipo khasu lisagunde pansi musanayende ndi mwinimunda kuwerenga mizere n'kugwirizana mtengo.

Nditadula foni ndinatsegulanso kalata ija, ndipo ndinaona chimene sindinachione usiku wonse. Sinatchule ntchito iliyonse. Inangoti ndipitirize. Kupitiriza chiyani? Ndinatenga kope n'kuyamba kulemba zimene zinatsaladi: kuyeretsa deta ya kafukufuku womaliza, kukonza matebulo a lipoti, kusanja mafayilo onse kuti wobwera pambuyo asasochere, ndi kuphunzitsa mnyamata wa mu ofesimo kayendetsedwe ka fomu za pa tabuleti. Nditawerengera mosadzinyenga, zinakwana masiku 14. Masabata 6 ali ndi masiku ogwira ntchito pafupifupi 30. Masiku enawo ndikanakhala ndikutani? Ndikudziwa bwino, chifukwa ndinali nditazichita kale: kukhala m'misonkhano yosandikhudza, kukonzera anthu ma PowerPoint, kulemba maminitsi, kutumidwa ku wekishopu kukadzaza mpando. Ukakhala pafupi, ntchito ya aliyense imasanduka yako.

Apa ndipatuke pang'ono, chifukwa mnzanga wina wodziwa za malamulo a ntchito anandiunikira chinthu chimene ambiri a ife sitichidziwa. Employment Act ya 2000, yomwe ndi lamulo la za ntchito muno m'Malawi, imagawa makontrakiti patatu: yopanda tsiku lothera, ya nthawi yoikika, ndi ya ntchito yoikika. Imanenanso kuti ngati kontrakiti ya nthawi yoikika ikugwiritsidwa ntchito podzaza mpaka kalekale malo a ntchito yokhazikika ya pamalopo, itengedwe ngati yopanda tsiku lothera. Koma chitetezo chimenecho ndi cha wolembedwa ntchito. Pepala langa linkanena momveka kuti ine si wolembedwa, ndine wodziimira pandekha. N'chifukwa chake penshoni, imene bwana amaikako 10 peresenti wantchito n'kuikako 5, ine inkangondidutsa. Ndikadwala, tsikulo lapita. Mnzangayo anati nkhani zotere zikafika ku Industrial Relations Court, khoti loweruza nkhani za pantchito, sayang'ana dzina la pa pepala lokha, amaonanso kuti amakuikira nthawi yolowera ndi yowerukira ndani, zida ndi za yani, ungagwire kwina kapena ayi. Ine za khoti sindinkazifuna n'komwe. Koma zinandithandiza kuona kupotoka kwa malo amene ndinakhalapo: pa udindo ankanditenga ngati wantchito wawo, pa zabwino za wantchito ndinali mlendo. Ndinati ngati ndili waganyu, ndikhale waganyu weniweni, wa mizere yowerengeka, womasuka kupita kumunda kwina akamaliza.

Masana a Lachisanu anakwana ndisanasayine. M'malo mwake ndinalemba mizere itatu: zikomo, ndikufuna kuthandiza kuti ntchitoyi ithe bwino, ndikupempha mphindi 20 tikambirane. Nditatumiza m'mimba munayamba kubwadamuka. Munthu amene wakhala akunena "chabwino" kwa chaka ndi theka, tsiku loyamba kunena "tikambirane" amadzimva ngati watukwana mfumu.

Abwana a pulojekiti ndi mayi wachikulire, wofatsa, wotopa. Miyezi iwiri imeneyo anali atauza anthu angapo kuti ntchito yatha, ndipo zinkaoneka pankhope.

"Ndiye mukukana?" anandifunsa ndisanakhale n'komwe bwino.

"Ayi Madam, sindikukana. Ndikungopempha kuti tigwirizane kuti ntchito yake ndi iti."

Ndinawapatsa pepala langa lija. Ndinati zotsala ndi izi, zikufuna masiku 14, ndizigwira mkati mwa masabata 6 omwewo, zina ndili kuno zina ndili kwina, ndipo tilembe tsiku loperekera chilichonse. Kwa inu ndalama yonse ichepa kusiyana ndi imene munakonza. Koma mtengo wa tsiku ukwere, chifukwa uwu ndi wa kwacha isanagwe, ndipo ndime yondiletsa kugwira kwina ichoke. Ndinawakumbutsanso, mwaulemu ndithu, kuti mainvoisi a Januwale ndi Febuluwale anali asanalipidwe, komanso kuti a ku akaunti anali asanandipatse masatifiketi a withholding tax. Msonkho umenewu amakudula iwo asanakupatse ndalama, n'kukapereka ku MRA m'dzina lako, koma popanda satifiketi ulibe umboni woti unadulidwa, ndipo ukachoka pamalo kuthamangitsa mapepala otere kumasanduka ntchito ina yosalipidwa.

Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Kenako anati, "Mukudziwa kuti lipotili silingatuluke popanda inu."

Ndinkadziwa. Deta yonse ndinali nditaimanga ndekha, ndipo munthu wina akanatha mwezi akungofufuza kuti chakuti chili pati. Mnzanga wina anali atandiuza kuti pamenepo ndiye pofinyira, ndiwauze kuti akapanda kuwirikiza mtengo ndinyamuka ndi zonse zili m'mutu mwanga. Sindinatero, ndipo si chifukwa cha chiyero. Lilongwe ndi mudzi. Amene wamufinya lero ukamupeza pa maliro ku Area 18, mawa ali m'gulu lofunsa mafunso pa intavyu ya bungwe lina. Komanso ntchito yosanja mafayilo ndi kuphunzitsa mnyamata uja ndinaiika ndekha pa mndandanda, ndikudziwa kuti ndikudzichotsera ufumu. Ndinangoyankha kuti, "N'chifukwa chake ndabwera, Madam, kuti lituluke."

Zotsatira zake sizinali za chikondwerero. Pa mtengo ndinapempha 40 peresenti, anandipatsa 15, ati kuposa apo mpaka asayine a kunja. Masiku anakhala 16 chifukwa anawonjezerapo kukafotokoza zotsatira pa msonkhano wa ogwira nawo ntchito. Ndinapempha theka la ndalama ndikangopereka gawo loyamba, anakaniratu. Ndime yondimanga ija anavomera kuichotsa mosavuta, moti ndinadzifunsa chifukwa chimene ndinakhalira nayo chaka ndi theka. Invoisi ya Januwale inalowa patatha sabata. Ya Febuluwale inadzalowa mu Meyi.

Tsiku lovuta kwambiri linali 1 Epulo. Ndinali nditanena kuti sindiyamba pepala latsopano lisanasayinidwe mbali zonse, ndipo tsikulo linafika pepala lisanatuluke. Foni inalira cha m'ma 9 koloko.

"Asisi, tangobwerani, pepala likubwera, langotsala siginecha imodzi."

Mawu amenewa ndinali nditawamvapo kwina zaka zapitazo, ndipo ndinagwira masabata atatu amene mpaka lero palibe amene akuwakumbukira. Ndinati ndili pafupi, likangofika pa imelo ndikwera kabaza nthawi yomweyo. Kenako ndinakhala pakhonde tsiku lonse ngati mlonda, ndikuchapa zovala zoyera kale, foni ili pambali pa beseni. Mtima unkandiuza kuti wazitaya wekha, apeza wina, mwana wa ku yunivesite amene angavomere theka la mtengo wako. Pepala linafika pa 3 Epulo.

Masamu ake ndiwanene poyera, chifukwa nkhani zotere anthu amakonda kuzikometsera. Masiku 16 pa mtengo wokwera ndi 15 peresenti ndi ofanana ndi masiku 18 ndi kachidutswa pa mtengo wakale. Ndikanasayina Lachinayi lija ndikanalipidwa masiku pafupifupi 30. Ndiye kuti ndinasiya patebulo ndalama za masiku oposa 10, ndikudalira ntchito ya ku Salima. Ndipo ya ku Salimayo inachedwa. Amene anawapatsa ntchito anali asanatulutse ndalama, tsiku loyambira linasunthidwa kawiri, mpaka tinanyamuka mu Meyi. Kumapeto kwa Epulo ndinali ndi masiku ambiri ongokhala, amene bwenzi ndikulipidwa ndikanakhala m'misonkhano ija kulemba maminitsi. Fizi ya mwana ndinakatenga ku banki m'khonde, ndi chiwongoladzanja chake. Alandilodi ndinawapempha sabata ziwiri, anavomera koma moni wawo anafupika. Achimwene anga atamva sananene zambiri, anangoti, "Paja ndinanena," n'kunditumizira kangachepe pa Airtel Money. Ndinalandira, manyazi ndinawameza.

M'masiku ongokhalawo ndinapalira munda wanga. CV yanga inali ya 2023, ndinaikonza. Ndinapita kukaonana ndi anthu atatu amene ndinali ndikuwalonjeza tiyi kwa chaka chathunthu. Ndinalongosola mapepala anga a msonkho amene anali m'jumbo pansi pa bedi. Ndinalembanso tsamba limodzi la mfundo zanga, loti aliyense wondifuna aziliona tisanayambe: mtengo, masiku olipirira invoisi, ndi mawu oti kwacha ikagwa tikhalanso pansi. Sindinganene kuti zimenezi zinabweza ndalama za masiku 10 aja. Mmodzi mwa anthu atatuwo anandiimbira patapita miyezi, awiriwo zii.

Lipoti ndinapereka tsiku limene tinalemba. Mnyamata uja anaphunzira msanga kuposa mmene ndinkaganizira, zimene zinandisangalatsa ndi kundiluma nthawi imodzi. Tsiku lobweza chitupa cha pageti, alonda anandifunsa, "Aunt, ndiye basi?" Ndinati kaya, bambo, ife timapita timabwera.

Pakati pa Meyi ndinali ku Salima, mu holo ya tchalitchi yofolera malata, kutentha ngati mu uvuni ngakhale kuti ku Lilongwe anthu anali atayamba kale kuvala majuzi. Achinyamata 20 anali atawerama pa matabuleti, akuyeserera kufunsana mafunso a chiwerengero cha mbuzi ndi nkhuku. Foni inanjenjemera m'thumba. Anali Madam, pa WhatsApp. Ndalama zatsopano zinali zisanabwerebe, koma opereka thandizo anali atabweza lipoti ndi mafunso. Kodi angandiwonjezere masabata ena anayi?

Ndinatuluka panja, n'kuima pansi pa mtengo wa nimu pomwe netiweki inkagwirako. Ndinalemba kuti: "Zikomo Madam. Nditumizireni mafunsowo ndiwaone, ndikuuzani kuti akufuna masiku angati. Mkati mwa sabata ndili kuno, koma Loweruka ndimapezeka."

Ndisanaone ngati awerenga, mtsikana wina anasuzumira pakhomo la holo, tabuleti ili m'manja.

"Madam, yangayi ikukana kutumiza."

Ndinabweza foni m'thumba n'kulowa.